Kodi pampu ya sola ingasamale chilengedwe kuposa injini ya petulo pa dimba lathu?

Mlimi wa ku East Bank, Chikwawa

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino zipangizo zoyendera mphamvu ya dzuwa. Tili ndi kalabu ya alimi 12 ndipo timalima chimanga, nyemba, tomato ndi anyezi m'dimba lomwe lili pafupi ndi Shire. Kwa zaka zinayi takhala tikuthirira ndi injini ya petulo, koma mafuta akasowa timakagula a m'zigubu pamtengo wokwera, ndipo chaka chatha anyezi anatipserera ku nazale chifukwa tinatha sabata yathunthu osathirira. Chinanso chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti pamalo pamene injiniyo imakhala, dothi lada bii ndi oyilo, udzu sumeranso, ndipo mvula ikagwa zonsezo zimatsikira mumtsinje womwewo umene timatungamo madzi ndi kuphamo nsomba.

Tasunga ndalama ku banki mkhonde kuti tigule pampu ya sola, koma mkulu wina m'kalabumo akutsutsa. Iye akuti zipangizo zimenezi zimangotchuka kuti n'zosamala chilengedwe, pomwe mabatire ake akatha amatayidwa m'tchire, komanso akuti kutentha kwa kuno ku chigwa kumapha mapanelo msanga. Kodi zimenezi n'zoona, kapena tipitirize ndi maganizo athu?

Mmisiri wa zamagetsi, Nchalo

Bambo, mkulu wanuyo sakunama pa nkhani ya mabatire. Ambiri mwa amene amagulitsidwa m'misika yathu ali ndi mtovu ndi asidi m'kati, sakhalitsa kumalo otentha ngati kuno, ndipo ndinapezapo ana akuseweretsa zam'kati mwa batire losweka kuseri kwa nyumba, chinthu choopsa kwambiri chifukwa mtovu umawononga ubongo wa mwana. Koma pampu yothirira mbewu sifuna batire ayi. Mapanelo amalumikizidwa ku kabokosi kowongolera magetsi, kabokosiko n'kulumikizidwa ku pampu, ndipo dzuwa likakwera pampu imayamba kukoka madzi, likapendeka imaleka yokha. Ndalama yomwe mukanagulira mabatire mugulire thanki n'kuiika pamalo okwera, kuti madzi okokedwa masana muzithirira madzulo kapena m'mawa kwambiri, nthawi imene sauma msanga m'nthaka. Thankiyo ndiye imagwira ntchito ya batire.

Za kutentha, mapanelo safa koma amafooka. Mphamvu yolembedwa kumbuyo kwa panelo imayezedwa paneloyo ili pa madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yoposera pamenepo imachotsa mphamvu pafupifupi 0.4 pa 100 iliyonse. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumatentha kupyola madigiri 40, galasi la panelo yomwe ili padzuwa limatha kufika madigiri 60, kutanthauza kuti mwataya pafupifupi 14 pa 100 ya mphamvu yake, nthawi yomweyonso imene mbewu zikufuna madzi ambiri. Choncho mugule mapanelo amphamvu yoposerako imene pampu ikufuna, muwakweze pa chitsulo kuti mphepo izidutsa kunsi, ayang'ane kumpoto atapendekeka pang'ono ngati madigiri 15, ndipo fumbi muzilitsuka m'mawa galasi lisanatenthe. Mapanelo enieni amatha kugwira ntchito zaka 20 kapena kuposa, pomwe injini yanuyo, pa lita imodzi iliyonse ya petulo imene yawotcha, imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wolemera makilogalamu pafupifupi 2.3, osawerengera oyilo amene mwanenayo.

Chimene chimapha mapampu kuno si dzuwa, ndi mchenga. Madzi a Shire amabwera ndi matope ambiri, ndipo paipi yokokera ikagona pansi penipeni, mchengawo umadya zam'kati mwa pampu m'miyezi yochepa. Kukamwa kwa paipiyo muike sefa ndipo muimangirire ku chigubu choyandama kuti isakhudze pansi. Mukamagula, musadalire zolembedwa papepala lomata kumbuyo kwa panelo, chifukwa ine ndinagulitsidwapo ina yolembedwa mphamvu yaikulu koma nditaiyeza inkangotulutsa theka lake. Mupite ndi munthu wodziwa kuyeza, aiyeze padzuwa inu mukuona.

Mayi wa ku Bangula, Nsanje

Achimwene, amisiri ayankha bwino za makina, koma ine nkhawa yanga ili pa gombe. Kwathu kuno ndinaona anthu atapeza mapampu akusweramo mphanje mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, akutema bango ndi nsenjere zonse, chifukwa mapaipi ndi okwera mtengo ndipo aliyense amafuna munda wake uyandikire madzi kuti agule paipi yaifupi. Madzi aulere amakopa munthu kukuza munda chaka ndi chaka. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, gombe lomwe linalibe bango linagumuka, ndipo dimba langa, ngakhale linali chakumtunda pang'ono, linakwiririka ndi mchenga wofika m'mawondo, moti mpaka lero mbali ina simerapo kanthu kupatula minga. Pampu imeneyo ikhoza kukhala yosatulutsa utsi, koma ikakuchititsani kulima mpaka pamadzi, ndiye kuti mtsinje mwaulanga koposa mmene injini inkachitira.

Choncho pa ndalama zanuzo mupatule gawo la paipi yaitali, musiye mpata pakati pa madzi ndi mzere woyamba wa mbewu, ndipo mumpatamo mubwezeremo bango, vetiva ndi nsungwi. Mapanelonso muwamange moti n'kutheka kuwamasula ndi kuwasamutsira kumtunda mvula ikayandikira, pakuti tonse tikukumbukira mmene madzi anadzera usiku mu Januwale 2015.

Ndiwonjezeko za kukhitchini, chifukwa amuna mukamakamba za chilengedwe mumathamangira makina akuluakulu. Mitengo ya tsanya ikutha chifukwa cha makala ndi nkhuni, ndipo aliyense amene wadutsa pa Thabwa waona matumba a makala akukwera phiri kupita ku Blantyre. Ine ndinasiya mafuwa atatu n'kuyamba kuphikira pa chitetezo mbaula, ija youmbidwa ndi dongo, ndipo tinthambi ta nimu ndi mapesi a nandolo zimandikwanira kuphika nsima ya mapira ndi ndiwo, pomwe kale ndinkafuna zikuni. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi pampu, ndipo kalabu yanu ikhoza kugulira banja lililonse imodzi popanda kumva kuwawa.

Mphunzitsi wopuma pantchito, Ngabu

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Bangula, ndipo ndikufuna kuchenjeza pa chinthu chimodzi chomwe sichinatchulidwe. Ena akamva kuti asalime pagombe amaganiza zokumba chitsime kapena mjigo pakati pa munda n'kuikamo pampu. M'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi apansi ndi amchere, ndipo tonse tikudziwa mijigo yomwe inasiyidwa chifukwa madzi ake samweka, sopo sachitanso thovu. Munthu wothirira ndi ndowa amatopa msanga, choncho mchere umene amauika m'nthaka ndi wochepa, koma pampu ya sola sitopa, imakoka tsiku lonse, madzi amauma ndi dzuwa, mchere n'kutsalira pamwamba ngati ufa woyera, ndipo pakatha zaka zingapo nthakayo imakana mbewu. Madzi a chitsime ayambe ayezedwa musanawonongepo ndalama, ndipo alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni koyezetsa.

Za ulimi wothirira wosafuna mafuta kapena magetsi, njira yabwino koposa ndi ya madzi oyenda okha kuchokera kumtunda, monga ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yomwe inakonzedwa kuti izitenga madzi a Shire pa Kapichira ndipo cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000. Koma ngalandeyo ikudzera tsidya lino la kumadzulo, choncho inu a ku East Bank musaidikire. Kapichira yomweyo inatiphunzitsanso kanthu mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anagumula damu lake, dziko n'kutaya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Matope amene amavutitsa kampani yopanga magetsi ya EGENCO pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi nthaka yokokoloka m'minda ndi m'mapiri ometedwa mitengo, ndipo amene akokoloka m'madimba athu kuno amakathera ku Elephant Marsh, dambo lomwe mu 2017 linaikidwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, komwenso asodzi athu amapezako mlamba ndi mphende.

Mlimi wa ku East Bank, Chikwawa

Zikomo kwambiri nonse. Ndawerengera anzanga mayankho anu dzulo madzulo, ndipo mkulu uja wavomera atamva kuti batire silifunika, ngakhale waumirira kuti injini tisaigulitse mpaka titakolola kamodzi ndi pampu yatsopanoyo, zomwe tonse taona kuti n'zanzeru. Tagwirizana kusiya mizere ya kumunsi kwa dimba kuti tibzalemo bango ndi vetiva, ndipo eni mizereyo tiwapatsa malo chakumtunda. Pamalo pamene panada ndi oyilo tifukulapo dothilo tisanafike m'dzinja.

Chatsala ndi funso limodzi kwa amisiri a ku Nchalo. Kuchokera pamadzi kufika pachulu pamene tikufuna kuika thanki ndi mamita pafupifupi 80, ndipo chuluchi chakwera mamita asanu ndi limodzi kuchokera pamene madzi amafika mu Okutobala. Kodi tifunse pampu yoviika m'madzi kapena yokhala pamtunda, poganiziranso kuti pamalopo pamabwera ng'ona ndipo palibe amene angafune kumalowa m'madzi kukachotsa zinyalala pa sefa?