N'chifukwa chiyani nitrate amatha m'chipale cha ku Dome C koma amasungika ku Summit?

Kamtedza:
Akuluakulu, ndithandizeni apa. Ku Dome C, pakati pa Antarctica, chipale chofewa cha pamwamba penipeni chimakhala ndi nitrate (mchere wa nitrogen ndi okosijeni, NO3) wambiri, mananogalamu (magawo a galamu yogawidwa kabiliyoni) mazana angapo pa galamu imodzi ya chipale, koma munthu akakumba theka la mita amapeza atsala makumi ochepa okha. Ku Summit, ku Greenland, kusiyana sikufika pamenepo. Chonsecho malo awiriwa ndi okwera mamita opitirira 3,000, ndipo m'chilimwe konseko dzuwa sililowa. Nanga nitrate wa ku Dome C akupita kuti? Ngati akuuluka, amamuyeza bwanji?

Nachisale:
A Kamtedza, akuulukadi, ndipo chikumuulutsa ndi dzuwa. Nitrate amayamwa kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, kwa mafunde otalika mananomita pafupifupi 290 mpaka 340. Akakuyamwa amasweka m'njira ziwiri. Njira yaikulu imatulutsa mpweya wa NO2 (nitrogen dioxide) pamodzi ndi OH (kachidutswa ka okosijeni ndi haidrojeni kosachedwa kugwirana ndi zina). Inayo imasiya nitrite, amene dzuwa limamuswanso n'kukhala mpweya wa NO (nitric oxide), kapena amasanduka mpweya wa HONO (nitrous acid) ngati chipalecho chili ndi asidi. Mipweya imeneyi imadzaza timipata ta pakati pa tizidutswa ta chipale, mphepo n'kuikankhira kunja. Gulu la wofufuza Richard Honrath ndi limene linaona izi ku Summit komweko mu 1998, litapeza NOx (NO ndi NO2 pamodzi) wochuluka kangapo mkati mwa chipale kuposa mumpweya wa pamwamba pake.

Ndiye kuti ku Summit nakonso zimachitika. Kusiyana kwagona pa msinkhu umene kuwala kumalowa, ndi liwiro limene chipale chatsopano chimakwirira chakale. Ku Dome C, kuwala kwa UV kukatsika masentimita 10 mpaka 20 kumatsala magawo 37 pa 100. Kukatsika katatu kotere kwatsala 5 pa 100 basi. Choncho ntchito yonseyi imachitikira m'masentimita 30 mpaka 60 a pamwamba. Tsono ku Dome C chipale chimene chimaunjikana pa chaka sichifika n'komwe masentimita 10, ndiye nitrate amakhala poyera zilimwe zingapo zotsatizana, akuwombedwa ndi dzuwa. Ku Summit chimapitirira theka la mita pa chaka, kotero chaka chisanathe wakwiririka kale, ndipo miyezi ina ya chakacho ndi ya mdima.

Kuchuluka kwa pamwamba penipeni kuja kusakunamizeni. NO2 akatuluka sapita patali. Amakumana ndi OH, n'kusanduka asidi wa HNO3 (nitric acid), n'kugweranso pachipale ngati nitrate. Nitrate yemweyo amazungulira chonchi kangapo, akuchoka pansi n'kumaunjikana pamwamba, mpaka wina mphepo itamutengera kunyanja.

Gondwe:
Ndiyankhe za kayezedwe, poti apa ndi pamene zinthu zimaonongekera. NO amayezedwa pomusakaniza ndi ozoni m'kachipinda ka makina. Zikakumana zimatulutsa kuwala kofiirira kochepa kwambiri, makina n'kukuwerenga. NO2 sawala chonchi, ndiye amayamba wasandutsidwa NO ndi nyale ya LED ya mananomita pafupifupi 395. Chosandutsira cha molybdenum chotenthetsa, chimene chimapezeka m'makina oyezera utsi wa m'mizinda, n'chosayenera kuno: chimasandutsanso HNO3 ndi PAN (mpweya wina wokhala ndi nitrogen) kukhala NO, n'kukupatsani NO2 amene kulibe.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa mpweya umene ukutuluka m'chipale, mumaika mapaipi a Teflon pamisinkhu iwiri kapena itatu, wina pafupi ndi chipale, wina pa mita imodzi, wina pamwamba pake, makina amodzi omwewo n'kumakoka mosinthanasinthana. Pambali pamafunika sonic anemometer yoyeza kuvundukuka kwa mphepo. Kusiyana kwa pansi ndi pamwamba kumakhala kochepa zedi, choncho mapaipi akhale ofanana kutalika ndiponso okutidwa kuti dzuwa lisaswe NO2 ali m'njira.

Mdani wamkulu ndi jenereta ya pasiteshoni. Utsi wake uli ndi NOx wochuluka kuposa wa chipale kutalitali, n'chifukwa chake zoyezera zimaikidwa kumene mphepo imachokera, ndipo manambala a nthawi imene mphepo yatembenuka amatayidwa. Mwaye wake nawonso ukagwera m'chipale umachepetsa msinkhu umene kuwala kumalowa, ndiye dzenje lokumbidwa pafupi ndi nyumba silingaimire chipululu chonse. Pa HONO samalaninso: makina omuyezera otchedwa LOPAP amamuwerengera limodzi ndi mpweya wina wa HO2NO2, amene sasweka msanga kukazizira chonchi, ndipo ku Dome C izi zinakweza manambala.

Kamtedza:
Zikomo nonse. Koma a Gondwe, ndimaona ngati NOx azichuluka masana dzuwa lili paliwombo. Bwanji ku Dome C amachuluka madzulo?

Gondwe:
Chipale chimatulutsadi wambiri masana, koma nthawi imeneyo mpweya wa pansi watenthedwa ndipo ukusakanikirana mpaka mamita mazana angapo m'mwamba, ndiye zotulukazo zimamwazikana. Madzulo pansi pakazizira, mpweya umakhazikika m'mamita makumi ochepa, pamene dzuwa likadali kuwomba chipale. Zonse zimapanikizika m'malo ochepawo. Ku South Pole dzuwa silikwera kapena kutsika pa tsiku, ndipo mpweya umatha kukhazikika masiku angapo. N'chifukwa chake ofufuza a pulojekiti yoyeza mpweya ya ISCAT mu 1998 anapezako NO wa magawo mazana pa thililiyoni, wokwanira kupanga ozoni pafupi ndi pansi.

Nachisale:
Chotsala ndi umboni umene umakhalira m'chipalemo. Dzuwa limaswa msanga nitrate wa nitrogen-14 kuposa wa nitrogen-15, ndiye wotsalayo amalemera. M'munsi mwa chipale cha ku Dome C δ15N, nambala yosonyeza kuchuluka kwa nitrogen-15 poyerekeza ndi nitrogen-14, imatha kupitirira +300‰ (magawo 300 pa 1,000), pamene ku Summit imakhala pafupi ndi ya nitrate wa mumpweya. Poyeza amasungunula chipalecho, n'kupatsa nitrate mabakiteriya amene amamusandutsa N2O, mpweyawo n'kulowa mu mass spectrometer, makina osiyanitsa tizidutswa malinga ndi kulemera kwake. Zitsanzo zisungidwe zoundana komanso mumdima mpaka tsiku loyeza. Ndipo aliyense wofuna kuwerenga mbiri ya mpweya wakale kuchokera ku nitrate wa m'ayezi wa ku Dome C kapena Vostok (siteshoni ina ya pakati pa Antarctica) ayambe wadziwa kuchuluka kwa chipale chimene chinkagwa nthawi imeneyo, apo ayi adzatenga ntchito ya dzuwa n'kuiyesa kusintha kwa mpweya.