Gulu la banja: za mafizo a Mphatso

Amake Mphatso: Mwaswera bwanji nonse. Tabwerako ku Queens. Lero Mphatso waima atagwira benchi, mpaka kusuntha mwendo kawiri kutsatira chivindikiro cha poto. A mafizo aombera m'manja. Pa sikelo wakwana makilogalamu 9.

Azakhali a ku Bangwe: Ambuye alemekezeke! Kamwana kanali ngati botolo la Sobo ku wodi ya makhanda ya Chatinkha kaja!

Amalume: Zabwino. Koma mwana wa chaka ndi miyezi 7 amayenera akuthamanga pabwalo. Ndinanena kale, tigule walker ku Limbe, kampando ka matayala kophunzirira kuyenda kaja.

Amake Mphatso: Amalume, walker a mafizo anatiletsa. Akuti mwana amazolowera kuyendera zala zakumapazi, komanso akhoza kugubuduka nayo pakhonde. Miyezi yakenso sawerenga choncho. Anabadwa pa masabata 32 m'malo mwa 40, ndiye amachotsapo miyezi iwiri. Kwa iwowo ali ndi chaka ndi miyezi 5, ndipo azichotsabe mpaka akwanitse zaka 2.

Achimwene a ku Zingwangwa: Pepani ndilowererepo. Tinagwirizana K5,000 munthu aliyense pamwezi, ya thiransipoti ndi phala. Mwezi uno apereka ndi Azakhali, achemwali a ku Chilomoni ndi ineyo. Tilipo 11 pagulu pano.

Achemwali a ku Chilomoni: Enawo akuwerenga, zizindikiro zabuluu zikuoneka.

Amalume: Ine yanga ndipereka pamanja. Za pafoni sindizikhulupirira.

Achemwali a ku Chilomoni: Ngati ya chiliza ija?

Azakhali a ku Bangwe: Iii ana inu, zakale zisiyeni.

Achimwene a ku Zingwangwa: Alamu a ku Joni, muliko? Munati mutumiza ya miyezi itatu pamodzi. Unali mwezi wa Epulo umenewo.

Junior: Aliko, dzulo anaika chithunzi ali pa braai.

Junior: Mwa njira, ndani akupita ku stadium Loweruka? Maule ndi Manoma.

Achemwali a ku Chilomoni: Ya geti ilipo koma ya mwana palibe eti?

Junior: Ndine wa sukulu ine achemwali.

Amake Mphatso: Chimene chikundivuta kwambiri si ndalama yokha. Tsiku la mafizo ndimatseka benchi yanga ya tomato kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko. Minibasi ziwiri kuchoka ku Machinjiri kukafika pa Ginnery Corner, mwana kumbuyo. Wina atamandiperekeza kapena kundikhalira pamsika zingandipepukire. Ndiye kunyumba anatipatsa zochita tsiku lililonse: kumuimiritsa pa mpando, kuika chidole patali pang'ono kuti achitsatire, kumudzutsa atakhala pa kampando kakang'ono, kumulankhula maina a zinthu pomusambitsa. Mawu ali nawo awiri okha, amama ndi tata, ndiye akuti tizimuyankha akamabwebweta.

Amake Mphatso: Agogo ndawapempha kuti asamamubereke tsiku lonse, azimutsitsa pamphasa. Akwiya nane.

Azakhali a ku Bangwe: Mayiwo ndikalankhula nawo ine Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Anazolowera nthawi ya kangaroo ija, anamufungatira pachifuwa masabata angati iwe uli ndi bala. Akuona ngati akadali kakhanda.

Amalume: Ife tonse tinakulira kumsana, tinayenda bwinobwino. Ndinanena kale, walker basi.

Achimwene a ku Zingwangwa: Amalume, mtengo wa walker mungoupereka kuno, ukwanira maulendo angapo.

Achemwali a ku Chilomoni: 😂😂

Azakhali a ku Bangwe: Phala ukumuthirira nsinjiro? Ndili ndi mtedza wochokera kumudzi, ndisinja ndikupatsire. Dzira lomwe uzimuphwanyira m'mgaiwamo.

Amake Mphatso: Zikomo azakhali. Tsiku lotsatira ndi Lachinayi la sabata yamawa, 8 koloko. Anati tibwere ndi buku lake la kuchipatala, akufuna aone ngati angayende atagwira dzanja limodzi.

Junior: Lachinayi ndilibe kalasi m'mawa. Ndikhala pa benchi ya tomato, bola mundiuze mitengo ya milu.

Achemwali a ku Chilomoni: Ndalama uziwerenga pamaso pa mayi woyandikana nawo uja.

Achimwene a ku Zingwangwa: Otsala 8, Airtel Money kapena Mpamba, pofika Lachiwiri madzulo. Amalume, yapamanjayo ndidzera kwanu mawa ndikaweruka.

Amalume: Mawa ndili ku maliro ku Chiradzulu.