Thandizeni abale, zithunzi za asilikali ndagulazi mwina zinabedwa pa nkhondo

Abale anga ndili ndi nkhawa. Loweruka ndinagula zithunzi 6 pamsika wa zinthu zakale kuno ku Leipzig ku Germany, zojambula za Richard Knötel uja ankajambula mayunifolomu a asilikali, anamwalira 1914. Ndimazikonda chifukwa amaonetsa chilichonse mpaka mabatani ndi zingwe za pachipewa, ndiye ndinangolipira osaganiza kawiri.

Pofika kunyumba nditatembenuza chimodzi ndapeza kumbuyo kuli chidindo cha laibulale koma wina anachipala dala ndi mpeni, pepala mpaka kupyapyala pamenepo, kwangotsala zilembo zingapo za Chiheberi. Mtima wanga sukukhazikika chifukwa ndikudziwa kuti a Nazi kuyambira 1940 anali ndi gulu lotsogozedwa ndi mmodzi wa akuluakulu awo, Alfred Rosenberg, lomwe linkalanda mabuku ndi zojambula za Ayuda ku Paris, Amsterdam ndi kwina konse, ndipo zambiri sizinabwerere kwa eni ake.

Ndamva za Lost Art, nkhokwe ya pa intaneti ya bungwe la ku Magdeburg yolembamo zinthu zolandidwa nthawi ya a Nazi, koma kodi munthu wamba ngati ine angalembetse zinthu kumeneko? Kapena ndiyambe ndabwerera kwa wogulitsa uja kukamufunsa anazitenga kuti? Ngati zili za banja lina ndikufuna ndibweze, ndalama zanga zilibe kanthu.