Kodi bokosi la makhadi a baseball n'loyenera kuligula?

Mayi wa ku South Bend:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku America. Mwana wanga wamwamuna amakonda kwambiri Shohei Ohtani wa timu ya Los Angeles Dodgers, ndipo wandipempha kuti ndimugulire bokosi lathunthu la makhadi a zithunzi za osewera, opangidwa ndi kampani ya Topps, ati kuti azimutsatira bwino wosewerayo. Mtengo wake si wochepa, choncho ndisanatulutse ndalama ndikufuna kudziwa ngati makhadiwa amathandizadi kutsatira wosewera, kapena ndi malonda okopera ana chabe.

Bambo wa ku Seattle:
Mayi, ine ndikuti bokosilo musagule. Ngati cholinga ndi kudziwa mmene Ohtani akusewerera, khadi limachedwa kwambiri. Timu iliyonse ya MLB, ligi yaikulu ya baseball kuno, imasewera masewero 162 pachaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala, pamene gawo loyamba la makhadi a Topps limatuluka mu Febuluwale, ndipo ziwerengero zolembedwa kuseri kwake ndi za chaka chatha. Zimene mwana akufuna kudziwa lero zili pafoni, zaulere. Komanso gawo limodzi limakhala ndi makhadi osiyanasiyana opitirira 300, ndiye mapaketi ambiri adzadzaza ndi osewera amene mwanayo alibe nawo chidwi.

Mayi wa ku Chicago:
Achimwene, mwanena zoona pa za kuchedwako, koma mukuyesa khadi ndi muyeso wa nyuzipepala, pamene ntchito yake ndi ina. Foni imaonetsa za usiku wathawu, mawa lake mwana waiwala. Khadi limasunga mbiri imene angathe kuigwira ndi manja. Akayika pamodzi khadi la Ohtani la 2018, chaka chimene adafika ku Los Angeles Angels kuchokera ku Japan, ndi lina la 2024 atavala yunifomu ya Dodgers, amayamba kufunsa chimene chidachitika pakati pake, ndipo amamva za mgwirizano wa zaka khumi wa madola 700 miliyoni umene adasaina mu Disembala 2023. Kuwerenga timizere ta kuseri kuja kumaphunzitsanso masamu, chinthu chimene ife makolo sitingachinyoze. Za kuchedwa, pali Topps Now, imene idayamba mu 2016: wosewera akachita chachikulu, khadi lake limagulitsidwa pa intaneti kwa maola 24 okha, kenako amasindikiza molingana ndi amene ayitanitsa. Ohtani atakhala woyamba kufikitsa ma home run 50 (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo) ndi kuba ma base 50 (kuthamangira ku base yotsatira mpira usanamenyedwe) m'chaka chimodzi, mu Seputembala 2024, khadi lotere lidatuluka nthawi yomweyo.

Bambo wa ku Dallas:
Inu nonse mwasiya mfundo ya phindu. Khadi la Topps la 1952 la Mickey Mantle, wosewera wotchuka wakale, lidagulitsidwa madola 12.6 miliyoni mu Ogasiti 2022, ndipo mu Malichi 2025 khadi la Paul Skenes wa Pittsburgh Pirates, limene adalipeza ndi mnyamata wa zaka 11, lidagulidwa madola 1.11 miliyoni. Mwayi wotere umapezeka m'bokosi losatsegula basi.

Bambo wa ku Seattle:
Bambo, kumeneko ndiye kugula mbereko mwana asanabadwe. Khadi la Skenes lija lidali limodzi lokha padziko lonse, ndipo la Mantle lidakwera mtengo chifukwa lidasungika bwino zaka 70, pamene anzake ambiri adatayidwa kapena kung'ambika m'manja mwa ana. Kumbukirani zimene zidachitika kuyambira cha m'ma 1987 mpaka 1994. Anthu atamva kuti makhadi akale ndi chuma, adagula mabokosi n'kuwasunga, makampani nawo adasindikiza mosaleka, ndipo lero makhadi ambiri a nthawi imeneyo sagulidwa ngakhale dola imodzi. Ngakhale la Ken Griffey Jr. la kampani ya Upper Deck la 1989, limene kuno ku Seattle amalilemekeza kwambiri, lilipo lambirimbiri, moti limakhala ndi mtengo waukulu pokhapokha akatswiri oyesa makhadi, monga a PSA, atalipatsa 10, amene ndi malikisi apamwamba kwambiri, ndipo kuyesetsako kumalipiridwanso. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti mwana wotsegula paketi akuyembekezera khadi losowa akuphunzira mtima wa njuga, ngakhale sitifuna kuutchula motero.

Mayi wa ku South Bend:
Zikomo nonse. Za phinduzo ndazichotsa m'maganizo. Koma ndikagula khadi limodzilimodzi la Ohtani, kodi sindimulanda mwana chisangalalo chotsegula paketi ndi kusinthanitsa ndi anzake kusukulu?

Mayi wa ku Chicago:
Achemwali, kusinthanitsako n'kofunika, ndipo pamenepa ndikusiyana ndi achimwene a ku Seattle, chifukwa makhadi amene iwo akuti ndi opanda ntchito ndi amene mwana amapita nawo kwa anzake kukasinthitsa ndi amene akuwafuna. Mugulireni makhadi wamba angapo a Ohtani, amene ndi otsika mtengo chifukwa amasindikizidwa ambiri, muwonjezere paketi imodzi kapena ziwiri, pamodzi ndi timatumba tapulasitiki totetezera ngodya zake. Ndiponso inu muli pabwino, poti South Bend Cubs, timu yolera osewera a Chicago Cubs, imasewera ku Four Winds Field komweko. Makhadi a mtundu wa Bowman amakhala ndi achinyamata ngati amenewo asanafike ku MLB, ndipo m'mabwalo ang'onoang'ono n'kosavuta kuti wosewera asaine khadi masewero asanayambe.

Bambo wa ku Dallas:
Ine ndikadagulabe bokosi, koma ngati mwasankha limodzilimodzi, yambani ndi la 2018 lokhala ndi chizindikiro cha RC, chosonyeza kuti ndi khadi la chaka choyamba cha wosewera mu MLB, ndipo musanalipire muone mitengo imene ena agulitsira kale pa msika wa pa intaneti wa eBay, osati imene ogulitsa akutchula.