Mphaka waluma mwana wanga pachala, ndithandizeni nzeru

Abale, dzulo madzulo mphaka wa kwa aneba analuma mwana wanga wa zaka 7 pachala. Pompo ndinatsuka pabalapo ndi sopo pamadzi a pampopi kwa mphindi 15. Agogo ake amati tithirepo phulusa, ine ndinakana.

Pooneka ndi timabowo tiwiri basi, koma mano a mphaka ndi osongoka, amalowetsa tizilombo mkati kwenikweni, khungu n'kutseka msanga pamwamba. Lero chalacho chadzuka chotupa, chofiira komanso chikutentha, ndiye tikupita kuchipatala m'mawa uno.

Chimene chandisowetsa tulo ndi chiwewe, poti zizindikiro zikangoyamba munthu sapulumuka. Mphakayu sanabayidwepo katemera, ngakhale eni ake akuti ali bwinobwino.

Inu amene zinakuchitikiranipo, kodi katemera wa chiwewe amapezeka pachipatala chaching'ono, kapena tingolunjika chachikulu cha boma? Amayamba afuna kalata yochokera kwa alangizi a ziweto? Nanga jakisoni wa kafumbata abayidwenso, poti analandira ali wakhanda? Komanso pa masiku 10 amene timayenera kuyang'anira mphakayu kuti tione ngati ali ndi chiwewe, tizimutsekera m'nyumba kapena timupereke kwa a ziweto?