Zikwama zathu zikutuluka zosiyana kukula, tithandizeni

Wotsogolera gulu la amayi oluka:
Amayi anzanga, zandivuta. Pagulu pathu tilipo 14, ambiri anaphunzira kuluka ndi kolosheti kwa agogo awo ali atsikana, kenako n'kusiya. Chaka chino tayambiranso, ndipo tinapeza oda ya zikwama 30. Wogula watibwezera 11, akuti zina zakula, zina zachepa. Chonsecho ulusi ndi umodzi, tonse kolosheti ya 4 mm, masitichi tinawerengera limodzi. Amayi agwa mphwayi, ena ndalamayi amayembekezera kuti alipirire ana sukulu. Talakwitsa pati?

Mphunzitsi wa zoluka:
Pepani amayi. Kuwerenga simunalakwitse, nkhani ndi dzanja. Wina amakoka ulusi molimba, wina amaulekerera, ndiye masitichi amakula mosiyana. Musanayambe oda ina, aliyense aluke kansalu koyesera kopitirira 10 cm mbali zonse, ndi ulusi womwewo komanso sitichi ya chikwamacho. Tepi muyike pakati, chifukwa m'mphepete mumanamiza, muwerenge masitichi a mu 10 cm. Tinene kuti pachikwama cha sampulo, chomwe nonse mukutsanzira, alipo 16. Amene wapeza 18 dzanja lake n'lolimba, apatseni kolosheti ya 4.5 mm. Wa 14 atenge ya 3.5 mm, ayesenso.

Chonde musawakakamize kusintha kagwiridwe. Mayi amene anazolowera kuyambira utsikana amayesetsa mizere iwiri itatu, macheza akangokoma dzanja labwerera mwakale. Ndinawakhumudwitsapo amayi achikulire ndi zimenezi, mpaka lero zimandiwawa.

Wogulitsa zoluka:
Zoona aphunzitsi. Ine ndiwonjezere za amayi amene tepi imawavuta. Dulani katoni yofanana ndi pansi pa chikwama, aliyense apite nayo kunyumba. Akamaliza pansipo asanjike pakatonipo asanayambe kukweza m'mbali. Cholakwika chimagwidwa pa ola limodzi, osati patatha masiku anayi. Komanso pogula ulusi muziona nambala ya dye lot pakapepala, mtundu umodzi womwewo umasiyana ukanyikidwa nthawi zosiyana.

Wotsogolera gulu la amayi oluka:
Za katonizi zandigwira mtima, atatu mwa ife manambala a patepi sawaona bwino. Nanga 11 zija timasule zonse?

Wogulitsa zoluka:
Ayi achemwali, thukuta lonse lija? Zisankheni, zazing'ono pazokha, zazikulu pazokha, muzigulitse choncho. Mumasule zokhotakhota zokha.

Mphunzitsi wa zoluka:
Ndipo ulusi womasulawo umakhala wopotanapotana, ukalukidwa choncho masitichi asiyananso. Uzengeni pamsana wa mpando, mumange malo anayi, muunyowetse, uume pamthunzi musanaukulunge.

Wotsogolera gulu la amayi oluka:
Zikomo amayi. Tikumana Loweruka, ndipita ndi makolosheti a 3.5 ndi 4.5 mm, makatoni ndidula usiku uno. Masitichi amene aliyense apeze ndidzakulemberani.