Ana a ku koleji kumalandira ndalama chifukwa cha basketball ku America, zili bwino zimenezi?

Wakabaza_Nchalo:
Akuluakulu ndithandizeni. Dzulo usiku tulo sitimabwera ndi kutenthaku nde ndinali panja pa mkeka, udzudzu mbali ina ine kumaonera basketball pa foni mpaka bandulo kutha. Ndinapeza nkhani ya Khaman Maluach, mnyamata wa ku South Sudan uja anakulira ku Uganda, anadzera ku NBA Academy (sukulu ya mpira ya NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America) ku Senegal, kenako koleji ya Duke chaka chimodzi chokha, 2025 kumutenga nambala 10 pa draft (pomwe matimu a NBA amasankha osewera atsopano), n'kupita ku timu ya Phoenix Suns. Koma m'makomenti anthu amangokangana, ati ndalama zaononga mpira wa m'makoleji. Mesa kumeneko amangopatsidwa sikolashipu basi? Zasintha liti? Ndikufunsa chifukwa mwana wa chemwali anga ali folomu 3, kutalika ngati mgwalangwa, ndipo mpirawu amaukonda zedi.

Dyeratu23:
Zinasintha amwene. Zinayamba ndi Ed O'Bannon yemwe ankasewera ku koleji ya UCLA, anadziona yekha mu gemu ya pa kompyuta, nkhope yake, nambala yake, koma iye osalandira olo kobiri, nde anasumira NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, mu 2009. Milandu inapitirira mpaka July 2021 pomwe anavomera zomwe amati NIL, kutanthauza kuti mwana atha kudya ndalama ndi dzina lake, kutsatsa malonda ndi zina zotero. Kenako June 2025 jaji anavomereza mgwirizano wa mlandu wina womwe amautcha House, pano sukulu imatha kulipira yokha osewera ake, chaka choyamba cha 2025-26 malire anali madola pafupifupi 20.5 miliyoni, masewero onse pamodzi, komanso osewera akale akugawana madola 2.8 biliyoni a m'mbuyo. Ine ndikuti zakhala bwino. Makampani a TV a CBS ndi Turner anasainira madola 8.8 biliyoni kuti apitirize kuonetsa March Madness, mpikisano waukulu wa basketball ya m'makoleji, zaka 8 mpaka 2032, makochi akulandira mamiliyoni, nde amene akuthyoka maondo m'bwalomo azingodya nsima ya ku hositelo? Inu a ku Nchalo mukudziwa, munthu angadule nzimbe tsiku lonse padzuwa lija n'kumuuza kuti malipiro ako ndi mwayi wophunzira kugwira chikwanje?

Aphunzitsi_Ngabu:
Mwana wanga, zoti alandire kenakake sindikukana. Chikundiwawa ine ndi kusamukasamukaku. Kale ukachoka sukulu ina kupita ina umakhala chaka chathunthu osasewera, pano amangolowa mu transfer portal, mndandanda wa osewera ofuna kusintha koleji, chaka chino uku chaka chamawa uko kutsata komwe kuli thumba lonona. Kochi angamange timu bwanji choncho? Ndipo digiri yake idzatha liti munthu wadutsa makoleji atatu? Ndaphunzitsa zaka zambiri ine, mwana woti teremu iliyonse ali pa sukulu ina sindinamuone akukhoza. Komanso musaiwale NBA imatenga anthu pafupifupi 60 okha pa draft chaka chilichonse, dziko lonse lapansi. Enawo bondo likaphulika atsala ndi chani?

Dyeratu23:
Madala ndakumvani, koma kochi akapeza malo onona amanyamuka usiku womwewo palibe amamunena kkkk. Nanga zokhala pa koleji chaka chimodzi chokha ngati Maluach, olakwa ndi ana? Ndi lamulo la NBA loti ukhale ndi zaka 19, linayamba kugwira ntchito 2006. Kobe 1996 ndi LeBron 2003 anangochoka ku sekondale kulowa ligi. Cooper Flagg, wosewera wina wotchuka, anapita ku Duke kukadikira zaka zikwane basi, sikuti ankafuna gauni.

NaBanda_waBangula:
Abambo inu mwaiwala atsikana ngati nthawi zonse. Caitlin Clark ali ku koleji ya Iowa anadzazitsa mabwalo, fainolo ya atsikana ya 2024 inaoneredwa ndi anthu ambiri kuposa ya anyamata, koma atalowa timu ya Indiana Fever mu ligi yaikulu ya amayi salale yake chaka choyamba inali madola 76,000 ndi kakuti. Nde kwa atsikana NIL imeneyi ndi chipulumutso ndithu. Koma achimwene a kabaza musayambe kuwerengera mamiliyoni, ana ochokera kunja amapita pa viza ya sukulu ndipo viza imeneyo simalola kugwira maganyu mwachisawawa uli ku America, nkhani ya NIL kwa iwo ndi yovutirapo. Mphwanuyo akhoze kaye MSCE, popanda magiredi koleji sikumutenga olo atalike kufika pa denga.

Wakabaza_Nchalo:
Eee nde mwanditsegula maso. Ine ndinali nditagula kale njinga yamoto m'mutu kkkk. A NaBanda, za magiredizo ndikamuuza Loweruka ndikapita ku mudzi, masamu ndi amene akumuvuta. Panopa vuto ndi nsapato, amavala saizi 13, pa msika wa Nchalo ndazungulira kaunjika yense palibe. Amene akukwera ku Blantyre sabata ino andiyang'anireko ku Limbe chonde, ndalama ndikutumizirani pa foni.